Mafunso ndi mayankho okhudza rotor ya centrifuge ya mu labotale

Ambiri ogwira ntchito mu labu amadziwa dzina la centrifuge yawo, makina aja olekanitsa zinthu monga magazi pozizunguza mwaliwiro, koma mukawafunsa zaka za rotor imene ili mkatimo amangoyang'anana. Chonsecho chitsulo chozungulira chonyamula machubucho ndicho chimasenza katundu yense. Mota ikafa makina amangoima, pamene rotor ikasweka imaononga makina, chipinda, mwinanso munthu. Mafunso ali m'munsiwa amabwerabwera kuchokera kwa ophunzira za labu, amisiri okonza zipangizo za m'chipatala, ndi amene apatsidwa udindo wogula makina atsopano.

Kodi rotor imasenza mphamvu yochuluka bwanji?

Zimadalira zinthu ziwiri: liwiro lozungulira pa mphindi, lomwe pamakina limalembedwa kuti rpm, ndi mtunda wochokera pakati pa rotor kukafika pansi pa chubu. Mphamvuyo timaiyeza ndi g, kutanthauza kuti ikuposa kangati mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Kawerengedwe kake ndi aka: 0.00001118 kuchulukitsa ndi mtunda wa masentimita, kenako kuchulukitsa ndi rpm, n'kuchulukitsanso ndi rpm yomweyo. Rotor ya masentimita 10 pa 3,000 rpm imapereka pafupifupi 1,000 g. Ya masentimita 15 pa liwiro lomwelo imapereka 1,500 g. Ndiye mnzanu akakuuzani kuti "zunguzani pa 3,000" osatchula rotor, wakuuzani theka la nkhani.

Chofunika kuchigwira ndi chakuti rpm ikuchulukitsidwa kawiri. Liwiro likawirikiza, mphamvu yokoka chitsulo imakwera kanayi. Rotor ya kampani ya Beckman yotchedwa Type 70 Ti imafika 70,000 rpm ndi 504,000 g. Pamenepo galamu imodzi ya madzi ikukankha pansi pa dzenje la chubu ndi kulemera kwa theka la tani, ndipo m'mphepete mwa rotor mukuthamanga mamita oposa 600 pa sekondi. Ntchito yonse yokonza kapangidwe ka rotor yagona apa: chitsulo chiyenera kunyamula machubu, komanso kudzinyamula chokha.

Nanga zinayambira kuti?

Zinayambira ku mkaka. Gustaf de Laval wa ku Sweden anapanga makina olekanitsa mafuta a mkaka mu 1878. Amene anabweretsa liwiro loopsa mu sayansi ndi Theodor Svedberg wa ku Uppsala, m'zaka za m'ma 1920, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1926. Ma rotor ake anali achitsulo cholimba, ozunguzidwa ndi mafuta opopedwa mwamphamvu, ndipo angapo anaphulika iye ndi anzake asanapeze maonekedwe oyenera.

Ku America, Jesse Beams wa ku University of Virginia ndi wophunzira wake Edward Pickels anathetsa mavuto awiri m'zaka za m'ma 1930. Anachotsa mpweya m'chipinda chozungulira rotor kuti isatenthe, ndipo anaipachika pa waya wopyapyala wotha kupindika, kuti ikafika pa liwiro lalikulu izidzipezera yokha pakati pa kulemera kwake. Pickels anayambitsa nawo kampani ya Spinco mu 1946, imene inatulutsa makina otchedwa Model E ndipo kenako Model L mu 1949. Beckman anagula kampaniyi pakati pa zaka za m'ma 1950. Ndi Model E imene Matthew Meselson ndi Franklin Stahl anagwiritsa ntchito mu 1958 posonyeza momwe DNA imadzichulukitsira, atazunguza zoyesa zawo pa 44,770 rpm kwa maola 20.

N'chifukwa chiyani m'ma rotor ena machubu amakhala chopendekera, mwina amagona, mwinanso amaima chilili?

Chifukwa kakhalidwe ka chubu ndiko kamanena kutalika kwa ulendo wa tinthu timene mukufuna kuti tidikhe.

Mu rotor ya mabaketi olendewera, chubu chimayamba chili chiimire, ndipo makina akathamanga chimagona. Tinthu timayenda utali wonse wa chubu n'kukaunjikana pansi penipeni, ndipo malire a pakati pa zolekanitsidwazo amakhala oongoka. N'chifukwa chake machubu a magazi okhala ndi jelo amafuna rotor yotereyi: jeloyo amatseka bwino pakati pa seramu (madzi a magazi) ndi maselo. Mukawazunguza chopendekera, jelo amakhalanso chopendekera, kwina wochindikala kwina wopyapyala, ndipo pa ulendo wopita ku labu ina maselo amatha kudutsa. Vuto la mabaketi n'lakuti kulemera konse kwapachikika pa tizitsulo tiwiri, choncho liwiro lake limachepa.

Mu rotor ya maenje opendekera mulibe chopachikika, chonse ndi chitsulo chimodzi. Tinthu timayenda pang'ono, timagunda khoma la chubu n'kutsetserekera pansi. Imafulumira ndipo imapirira liwiro lalikulu. Opanga amaika nambala yotchedwa k pa rotor iliyonse yothamanga kwambiri, ndipo k ikachepa ndiye kuti ntchito ithanso msanga. Type 70 Ti ili ndi k ya 44, pamene SW 41 Ti ya mabaketi ili ndi 124. Mwachitsanzo, ribosome ya 80S (kanthu kakang'ono kwambiri ka m'maselo) m'madzi wamba imadikha pa theka la ola ndi pang'ono mu yoyambayo, koma mu yachiwiriyo imatenga ola ndi theka.

M'zaka za m'ma 1970 munabwera ma rotor oimika machubu chilili, momwe ulendo wa tinthu ndi m'mimba mwa chubu basi. Anafupikitsa kwambiri ntchito yoyeretsa DNA, koma zinyalala zinkamatirira khoma lonse n'kuipitsa zimene zayeretsedwa pamene makina akuima. Yankho lake linali kupendeketsa chubu pang'ono chabe, madigiri osafika 10, kuti zinyalalazo zitsikire pansi. Kusintha kochepa chonchi kunathetsa vuto lenileni, ndipo n'chitsanzo chabwino cha momwe ntchitoyi yakhala ikuyendera.

Palinso ma rotor opanda machubu n'komwe. Norman Anderson wa ku Oak Ridge National Laboratory anapanga m'zaka za m'ma 1960 rotor yonga mbiya yogawidwa zipinda, momwe madzi amalowa ndi kutuluka ikuzungulira. Inathandiza kuyeretsa katemera wa chimfine wochuluka nthawi imodzi.

Aluminiyamu, titanium, carbon fibre: chabwino n'chiti?

Palibe choposa chinzake pa zonse, koma kusiyana kwake n'kwakukulu.

Chimene opanga amayang'ana ndi kulimba poyerekeza ndi kulemera. Chitsulo wamba chimalemera magalamu pafupifupi 7.8 pa kyubiki sentimita, titanium 4.5, aluminiyamu 2.7, carbon fibre (ulusi wa kaboni) yomatidwa ndi utomoni pafupifupi 1.6. Popeza rotor imakokedwa ndi kulemera kwake komwe, chopepuka chimayamba ndi mwayi.

Aluminiyamu ndi wotsika mtengo, wosavuta kusema, ndipo amazizira msanga. Ma rotor ambiri a m'zipatala ndi a aluminiyamu. Kufooka kwake n'kwakuti amadyeka ndi mchere ndi mankhwala, ndipo amatopa msanga. Titanium ndi yolimba kwambiri ndipo siidyeka wamba, n'chifukwa chake ma rotor ambiri a liwiro lapamwamba ali ndi zilembo Ti pa dzina lawo. Koma ndi yodula ndiponso yolemera.

Carbon fibre ndiyo yasintha zinthu kwambiri m'zaka zaposachedwa. Ulusi wake umakulungidwa mozungulira rotor, kutsata njira imene mphamvu imakokera, mosiyana ndi chitsulo chimene chimalimba mofanana mbali zonse ngakhale kumene sikufunika. Ma rotor a carbon fibre otchedwa Fiberlite, amene tsopano amagulitsidwa ndi Thermo Fisher, amapepuka mpaka 60 peresenti poyerekeza ndi achitsulo a kukula komweko, ndipo amabwera ndi chitsimikizo cha zaka 15. Sachita dzimbiri. Amafika pa liwiro msanga n'kuimanso msanga, ndipo mota ndi mabering'i sizivutika. Aliyense amene anatulutsapo rotor ya malita angapo m'makina akuya, ataweramira mkati, akudziwa kuti kupepukaku si nkhani yaing'ono kwa msana. Ndipo rotor yopepuka ikasweka, mphamvu imene imatulutsa ndi yochepa.

Komabe carbon fibre ili ndi zake. Siilola kutentha kudutsa msanga, choncho ikazizira imasunga kuzizirako, koma mukaiika yofunda imachedwa kuzizira. Ikagwa pansi, ulusi wamkati ungathe kuduka kunja kukuoneka bwino. Ndipo mtengo wake ndi wokwera. Kwa labu ya chipatala cha boma yozunguza magazi ndi mikodzo pa 1,500 g, rotor ya aluminiyamu yosamalidwa bwino ndi yokwanira. Carbon fibre imaonetsa phindu lake pa mabotolo akuluakulu ndi pa liwiro lalikulu.

Kupatula chopangira, maonekedwe a rotor asintha bwanji?

Ma rotor akale anali chibulumwa chochindikala chobooledwa maenje. Masiku ano opanga amayamba aiyesa pa kompyuta, n'kuona pamene mphamvu yaunjikana ndi pamene chitsulo chikungolemera chabe. Chosafunikacho amachisema, n'chifukwa chake ma rotor ena atsopano ali ndi mizere yolowa mkati pakati pa maenje. Ngodya zakuthwa amazipewa, chifukwa mng'alu umakonda kuyambira pa ngodya. Ena, monga JLA-8.1000 yonyamula mabotolo 6 a lita imodzi, ali ndi thupi lopepuka ndi zitini zochotseka, moti simufunika kunyamula rotor yonse potulutsa zoyesa.

Rotor yooneka bwinobwino ingasweke bwanji?

Funso ili ndi limene ndikufuna kuti aliyense alimvetse.

Nthawi iliyonse rotor ikathamanga imatanuka pang'ono, ikaima imabwerera. Maso sangaone, koma chitsulo chimasunga zonsezo. Zili ngati waya amene ana amapangira galimoto: kuupinda kamodzi suduka, koma kuupinda ndi kuuongola pamalo amodzi kambirimbiri, umaduka wokha popanda mpeni. Mu rotor, mng'alu umayamba waung'ono kwambiri, kawirikawiri pansi pa dzenje la chubu kapena pa tizitsulo topachikapo mabaketi, ndipo umakula pang'ono pa ulendo uliwonse mpaka tsiku limene chitsulo chotsalacho chalephera.

Dzimbiri limafulumizitsa zonsezi. Aluminiyamu amatetezedwa ndi kachikopa kopyapyala, kamene kamampatsa mtundu wakuda, wabuluu kapena wofiira. Kachikopako kakakandika ndi burashi ya waya kapena sikuludiraiva yosokosolera chubu chokanirira, mchere umalowa. Magazi ali ndi mchere, mikodzo ili ndi mchere, madzi a saline ndi mchere wokhawokha. Tengani tochi, chotsani ma adaputala (tizikho toikamo machubu ang'ono), muunike pansi pa dzenje lililonse. Mukaona timaenje tating'ono kapena ufa woyera wokanirira, chitsulo chayamba kudyeka, ndipo kadzenje kotero ndi pamene mng'alu umayambira. Pansi pa ma adaputala osachotsedwa miyezi ndi miyezi ndi pamene pamabisala zoipa zambiri.

Za Jiki nazo ziyenera kunenedwa. M'malabu mwathu ndiye mankhwala oyamba kugwiridwa magazi akatayika, ndipo pa tebulo amagwira ntchito. Koma klorini amadya aluminiyamu. Ngati buku la rotor likuloleza kumugwiritsa ntchito, asachedwepo, ndipo mutsuke ndi madzi ambiri. Sopo wa mphamvu wotsukira magalasi a labu amadyanso kachikopa kaja. Choyenera ndi sopo wofatsa, burashi yofewa, madzi oyera, kenako kuivundikira kuti maenje aume, chivindikiro chili pambali.

Chifukwa cha kutopaku, rotor ili ndi moyo wowerengeka. Kwa zaka zambiri lamulo la ma rotor a aluminiyamu a ultracentrifuge (centrifuge yothamanga koposa) linali lotsitsa liwiro ndi 10 peresenti ikakwanitsa maulendo 1,000 kapena maola 2,500. Masiku ano opanga ambiri amadinda pa rotor ndi pa mabaketi chiwerengero cha maulendo kapena chaka chopumira, ndipo makina ena amawerenga okha n'kuchenjeza.

Kodi zinachitikapodi kuti rotor inaphulika?

Inde. Ngozi yodziwika kwambiri inachitika ku Cornell University pa 16 Disembala 1998. Ofufuza ankazunguza mkaka mu ultracentrifuge yakale ndi rotor yaikulu ya aluminiyamu. Patatha pafupifupi ola limodzi rotor inasweka. Chitseko chachitsulo cha pamwamba chinapindika, zidutswa zinaboola makoma ndi denga n'kuononga mafiriji, ndipo mawindo a chipindacho anasweka. Mwamwayi munalibe munthu. Chimene chinapezeka n'chakuti rotor imeneyo sinali yovomerezeka pa makina a mtundu umenewo.

Opanga achitapo chiyani kuti munthu akalakwitsa ngozi isachitike?

Apa ndi pamene pasintha zambiri, ndipo kwa ine ndiko kusintha kofunika kuposa liwiro. Pansi pa rotor ya ultracentrifuge pamamatidwa kambale ka mizere yakuda ndi yowala. Diso la magetsi limawerenga mizereyo, ndipo ikadutsa mofulumira kuposa muyeso, makina amazima. Rotor ikatsitsidwa liwiro chifukwa cha ukalamba, kambaleko kamasinthidwa n'kuikapo ka mizere yambiri. Makina a patebulo ambiri amazindikira rotor ndi timaginito tokhala pansi pake, moti mukalemba 14,000 rpm pa rotor ya 4,000 amakana. Ena amayeza kulemera kwa rotor poona momwe ikunyamukira, n'kuyerekeza ndi imene mwanena kuti mwaika.

Kumanga rotor pa shafiti kunali kwa sipanala, ndipo woiwala kumanga ankaiona ikudumpha. Tsopano ilipo yodzitsekera yokha mukangoikhazika, yochotsa podina batani. Chipinda chozungulira rotor chimakhala ndi lamba wachitsulo wochindikala, ndipo muyezo wa chitetezo wa IEC 61010-2-020 umafuna kuti makina athe kusunga zidutswa mkati rotor ikasweka. Chivindikiro sichitseguka rotor isanaime. Magetsi akazima, monga zimachitikira kawirikawiri kwathu kuno, rotor imapitiriza kuzungulira popanda mabuleki. Kachingwe kapena kabowo kotsegulira mwadzidzidzi kalipo, koma musakagwire mpaka mutatsimikiza kuti mkati mwasiya kuzungulira.

Popeza makina atsopano amazindikira kusalingana, kuyeza machubu n'kofunikabe?

N'kofunika. Chozindikiracho chimazimitsa makina kugwedezeka kukafika poipa, koma kugwedezeka kochepa kumene chimalekerera kumadya mabering'i ndi shafiti tsiku ndi tsiku. Pa 1,500 g, kusiyana kwa magalamu 2 kumasanduka makilogalamu 3 okokera mbali imodzi. Pa 500,000 g, gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu limasanduka makilogalamu 50. Linganizani ndi sikelo, osati ndi maso okha, makamaka ngati madziwo ndi osiyana kulemera. Pa rotor ya mabaketi, mabaketi onse akhalepo ngakhale opanda kanthu, lililonse pa nambala yake, ndipo tizitsulo topachikapo tizipakidwa girisi kuti baketi lisakanirire panjira.

Kulemera kwa madziwo kulinso ndi malire. Ma rotor ambiri anawerengedwera madzi osaposa magalamu 1.2 pa mililita. Madzi a mchere wolemera wa cesium chloride a magalamu 1.7 amafuna kuti rotor yotero ya 50,000 rpm itsike kufika pafupifupi 42,000.

Zivindikiro zokhala ndi mphira n'zachiyani?

N'zoteteza mapapo anu. Chubu chikasweka kapena chikadontha mkati, mphepo ya rotor imasandutsa madziwo nkhungu yosaoneka, ndipo wotsegula makina ndiye woyamba kuipuma. Pa makhololo oyeza TB, amene amazunguzidwa pa 3,000 g kwa mphindi 15 asanabzalidwe pomeretsera tizilombo, nkhaniyi ndi ya moyo. Baketi lotsekedwa liyenera kunyamulidwa lonse n'kukatsegulidwa mu kabati yoteteza. Opanga ambiri amatumiza zivindikiro zawo ku labu ya ku Porton Down ku England kuti zikayesedwe ndi tizilombo, ndipo satifiketi yake mukhoza kuipempha pogula.

Zivindikiro zakale zinali zopotokola, ndipo munthu wovala magolovesi onyowa ankangozisiya. Zatsopano zimatsekeka ndi dzanja limodzi n'kumveka kuti thwa, ndipo zambiri n'zoonekera mkati, moti chubu chosweka mumachiona musanatsegule. Koma chitetezo chonsecho chagona pa kamphira kozungulira. Kakauma, kakang'ambika kapena kakasowa, chivindikirocho ndi chokongoletsa chabe. Ngati chubu chasweka m'makina opanda zivindikiro zotere, zimitsani ndipo musatsegule kwa mphindi 30.

N'chifukwa chiyani rotor ya kosungira magazi imakhala m'chimbale chake?

Mabaketi akuluakulu akagona amapalasa mpweya, zimene zimatenthetsa matumba a magazi ndi kudya magetsi. Chimbale chovindikira chimazungulira limodzi ndi rotor, choncho mpweya umangotsetsereka pa khoma losalala. Plasma ndi ma platelet zimafuna kutentha kosasinthasintha, ndiye phindu lake n'loonekeratu.

Tinalandira makina a mphatso ndi ma rotor angapo. Rotor ikakwana pa shafiti, tingaigwiritse ntchito?

Ayi, kukwana sikutanthauza kuvomerezeka, ndipo za ku Cornell zija zinayambira pomwepa. Buku la makina lili ndi mndandanda wa ma rotor ololedwa. Imene palibe pa mndandandawo isalowe. Funsaninso opereka mphatsowo chaka chimene rotor inapangidwa ndi buku la maulendo ake. Rotor yothamanga kwambiri yopanda mbiri, ine sindingaikhulupirire ngakhale ikuwala. Ndipo mabaketi a ma rotor awiri osiyana asasakanizidwe, ngakhale akuoneka ofanana, chifukwa amagulitsidwa m'magulu olingana kulemera.

Nanga kumene kulibe magetsi?

Mu 2017 gulu la Manu Prakash ku Stanford University linafalitsa za paperfuge, rotor ya pepala yozunguzidwa ndi ulusi. Nzeru yake inachokera ku choseweretsa chija cha batani kapena chitsekerero cha botolo chophwanthidwa, chobooledwa pawiri n'kukokedwa ndi manja. Anaiyeza kufika 125,000 rpm, pa mtengo wa masenti 20 a ku America. Timachubu ta magazi tomatidwa pa pepalalo tinalekanitsa plasma pasanathe mphindi ziwiri, ndi tizilombo ta malungo pa mphindi 15. Siilowa m'malo mwa makina a labu, chifukwa imanyamula timadontho chabe ndipo liwiro limadalira mkono wa munthu. Koma yasonyeza kutali kumene kupepuka kwa rotor kungafike.

Ndalama zikakhala zochepa, tiyang'ane chiyani pogula?

Yambani ndi machubu amene mumagwiritsa ntchito ndi g imene njira zanu zoyezera zimafuna, osati rpm yaikulu yolembedwa pa kabuku ka malonda. Kenako zivindikiro zotseka nkhungu zokhala ndi satifiketi, makina ozindikira rotor okha, ndi owerenga maulendo. Funsani ngati rotor ndi mabaketi zimalowa mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi) pa madigiri 121. Mu oda yomweyo muikemo timphira tapadera, girisi wake ndi ma adaputala, chifukwa tinthu timeneti tikatha timatenga miyezi kuti tifike, ndipo nthawi yonseyo anthu amazunguza makhololo popanda chivindikiro. Funsaninso wogulitsa ngati ali ndi mmisiri m'dziko muno kapena m'dziko loyandikana nalo wotha kuyendera rotor chaka ndi chaka.

Tsiku limene makina afika, tsegulani kope la rotor iliyonse payokha, lolembedwa nambala yake yodindidwa ndi chaka chopumira pachikuto. Muzilembamo tsiku, liwiro, mphindi, zimene zazunguzidwa, dzina la wozunguza, ndi china chilichonse chimene chatayika kapena kusweka mkati. Makina akale osawerenga okha alibe njira ina yodziwira kuti rotor yatsala ndi maulendo angati.